Ng'oma Yoyankha ya kwa Nyachikadza

Ana anga, maso ayamba kundikana, ndipo dzanja likalemba tsamba limodzi limadandaula ngati lalima munda wonse. Za kubadwa kwanga ndi za ubwana wanga mukafunse azakhali anu, amazidziwa kuposa ine ndipo amazikometsera. Ine ndiyambira pa ntchito, chifukwa zaka zanga zambiri zinathera pamenepo, ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndinachichita bwino chimene sindifuna kuti mudzachimve kwa anthu ena.

Ku Chikwawa, nkhondo ya Azungu isanayambe

Ndinayamba ngati mphunzitsi wothandizira pa kasukulu ka mishoni kumtunda kwa Chikwawa, kufupi ndi mathithi a Kapichira kumene sitima zapamadzi zinkabwererera. Bwana wanga anali mzungu wamtali, wowonda, amene anthu anawatcha Chisoti poti dzina lawo lenileni linkatipinda lilime. M'mawa ndinkaphunzitsa ana kulemba pamchenga, chifukwa masileti anali ochepa ndipo ankasungidwira amene ayamba kuwerenga. Dzuwa likapendeka ndinkakhala nawo Bwana pakhonde, iwo atatsegula buku lawo la Chigiriki, ine nditatsegula pakamwa panga. Iwo ankandiuza zimene Mawu a Mulungu akunena, ine n'kumawauza mmene munthu wa kuno angazinenere osaseketsa anthu. Tinkakangana kwambiri, ndipo ntchito imeneyo ndinkaikonda kuposa ya ana, amene ankandithawa nthawi ya mapira kukaingitsa mbalame.

Tsiku lina m'bukumo tinafika pamene mtumwi wina akulangiza za munthu amene mpingo uyenera kumupewa. Mawu ake a Chigiriki ndi akuti hairetikosi. Nditawamva ndinaseka, ndinati akumveka ngati dzina la nthenda ya ng'ombe. Bwana Chisoti sanaseke. Ndinayesa kuti ndi munthu wamakani, anakana. Anati akanakhala amakani, ine ndi iwo tikanathamangitsidwa kalekale. Ndinayesa kuti ndi munthu wofunsafunsa, kapena wosamvetsa bwino chiphunzitso, anakananso. Anandifotokozera kuti muzu wa mawuwo ndi kusankha. Kwa Agiriki poyamba sikunali kutukwana ayi. Munthu ankasankha mphunzitsi wake ndi gulu lake, anthu n'kumati uyu ndi wa gulu lakuti. Zinaipa pamene khalidweli linalowa mu mpingo, mmene munthu sasankha abale ake. Ndinawafunsa ngati akunena zonga za amayi padooko, asodzi akakhuthula nsomba pansi, aliyense n'kumakokera pambali zimene wazikonda, zotsalazo n'kuzikankha ndi phazi. Anawomba m'manja.

"Ndi zomwezo, Zakeyo," anatero. "Si munthu wokhala kutali, si munthu woganiza mosiyana ndi iwe. Ndi munthu amene amasankha anthu, kuwakokera kwa iye, n'kumati awa ndi anga."

Tinagwirizana kuti polalikira tizinena kuti munthu wopatutsa anzake. Anandionetsanso kuti mtumwiyo sakuti munthu wotere angotayidwa basi. Akuti ayambe wachenjezedwa, n'kuchenjezedwanso, kenako ndiye apewedwe. Zimenezi zinandikhala m'mutu, mwina chifukwa cha nsomba zija.

Kuchokera kumeneko ananditumiza ku Chiromo, kumene ndinagwira ntchito pansi pa mphunzitsi wamkulu wina wokonda chikoti kuposa choko. Ana ankamuopa mpaka kuiwala mayina awo akawafunsa, ndipo ife aphunzitsi aang'ono tinkamutungira madzi ndi kumulimira dimba ngati mbali ya ntchito. Zambiri za iye sindilemba, anamwalira ndipo ana ake ndi anthu abwino. Ku Chiromo ndinatolako zinthu ziwiri zimene zakhala nane mpaka lero: amayi anu a Esitere, ndi malungo.

Kwa Malemia, m'zaka za nkhondo

Nkhondo itayamba azungu a mishoni anachepa, ndipo aphunzitsi amene kale tinkaonedwa ngati ana tinasanduka akuluakulu mwadzidzidzi. Ine anandipatsa sukulu ndi tchalitchi kwa Malemia, m'mphepete mwenimweni mwa dambo. Bwana Chisoti ndiwo ankayang'anira dera lonse, kuyenda pa machila kuchokera sukulu ina kupita ina, ndipo kwathu ankafika mwa apo ndi apo. Zinthu zinasowa. Choko chinatha, tinkalemba ndi chinangwa chouma pa bolodi lopaka makala. Nsalu inasowa mpaka amayi anu anandisokera malaya a chiguduli, ndipo ndinalalikira nawo osachita manyazi poti omvera anga ena anabwerera ku makungwa a mitengo. Amuna ambiri anatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali, m'tchalitchi nyimbo n'kumamveka mawu aakazi okhaokha. Belu limene anatilonjeza linathera m'malonjezo momwemo.

Popanda belu anthu ankafika m'tchalitchi aliyense nthawi yake, ena titatsala pang'ono kunena ameni. Ndinapempha kuti tiziimba ng'oma. Bwana Chisoti anakana poyamba, ati ng'oma ndi ya mowa ndi magule, koma atalalikira tsiku lina kwa nkhalamba zochepa ndi mbuzi imene inabisala mvula, anagonja. Amene anatisemera ng'omayo ndi a Jailosi, mkulu wa mpingo woyamba wa pamalopo. Ndiyenera kuwanenera chilungamo a Jailosi. Malo amene panamangidwa tchalitchi anapereka ndi iwo, mitengo ya denga anadula okha, ndipo chaka cha chimfine chachikulu chija analera ana amasiye m'nyumba mwawo osadandaula. Ine ndikagona ndi malungo, ng'oma ankaimba ndi iwo. Vuto lawo linali limodzi: poti tchalitchi chinali pa malo awo, ankachiona ngati khonde la nyumba yawo, ndipo aliyense wolowamo ankayenera kudziwa kuti walowa kwa yani.

Nthawi yomweyo kunabwera anthu ambiri ochokera kwa Apwitikizi, kuthawa nkhondo ya kwawo, n'kukamanga pa zitunda za m'dambo kwa Nyachikadza. Anali asodzi olankhula Chisena. Mmodzi wa iwo anali bambo Alufandika, munthu wamfupi wa mapewa aakulu, wosadziwa kuwerenga koma wogwira nyimbo akangoimva kamodzi. Anabatizidwa kwathu, anabweretsa akazi awo, kenako abale awo, mpaka mipando yadothi yakumbuyo inadzaza. Ankabwera pa mabwato Lamulungu lililonse. Ankanunkha utsi wa nsomba, ankapemphera m'Chisena, ndipo ankaimba mokweza kuposa eni mudzi. Ine ndinkawakonda, sindibisa, chifukwa mphunzitsi aliyense amakonda munthu wofika msanga. Anthu anayamba kunong'ona kuti bambo Alufandika ayenera kukhala mkulu wa mpingo. Ndinaona nkhope ya a Jailosi itasintha, koma ndinati zitha zokha.

Dzinja la madzi aakulu

Nkhondo itatha kunabwera dzinja lina limene mtsinje wa Shire unasefukira mpaka dambo lonse linangoti mbee madzi okhaokha. Madimba anamira, njira za mabwato zinatsekeka ndi udzu woyandama, ng'ona zinafika mpaka kumakola a mbuzi. Anthu a kwa Nyachikadza analeka kubwera, ndipo palibe anadabwa. Chodabwitsa chinachitika Lamulungu lina m'mawa. Titangomaliza kuimba ng'oma yathu, kutsidya kwa madzi kunamveka ng'oma ina. Inamveka motsika koma mosakayikitsa. Lamulungu lotsatira inamvekanso, ndipo inapitiriza chomwecho.

Muyenera kumvetsa, inu obadwira m'nthawi ya mabelu, kuti kuno ng'oma yoitanira anthu inali imodzi pamudzi. Munthu akafuna kupatuka kukamanga mudzi wake sankalengeza ndi pakamwa. Ankasema ng'oma yake, ndipo tsiku limene yalira aliyense ankadziwa kuti mudzi wagawika. Choncho a Jailosi sanafunike kunama. Ankangofunsa anthu ngati aimva, ndipo anthu anali ataimvadi. Anayamba kuyenda khomo ndi khomo, osati makomo onse ayi, koma a anthu amene ankadziwa kuti awamvera. Posakhalitsa m'tchalitchi munali mbali ziwiri. Mabanja amene anakwatirana ndi Asena anayamba kukhala paokha, ena osawapatsa moni, ndipo mayi wina anachotsa mwana wake pa sukulu chifukwa ndinamukhazika pafupi ndi mwana wa Msena.

Bwana Chisoti atafika, akulu a mpingo anakhala pansi pa mtengo wa mango. A Jailosi analankhula bwino, pakamwa anali napo. Anati Alufandika wasema ng'oma yake, akupempheretsa anthu ake m'chilankhulo chake, ndipo madzi akadzaphwa tidzapeza atadzipatsa yekha ubusa. Bwana anali atatopa, akudwaladwala, ndiponso mtima uli m'mwamba, chifukwa masiku amenewo boma linkayang'anitsitsa mishoni iliyonse imene anthu ake akuda ayamba kupemphera paokha. Anatchula mawu aja a Chigiriki, n'kutembenukira kwa ine. Anati Lamulungu likubwerali ndiimirire pamaso pa anthu ndilengeze kuti Alufandika wadulidwa mu mpingo, onse omutsata aimitsidwa kudya mgonero, ndipo ana awo a m'kalasi ya ubatizo sabatizidwa.

Anthu amenewo ndinawaphunzitsa ndekha, ndipo ndinkadziwa kuti tikawadula sadzabweranso. Ana awo adzakula akudziwa kuti Akhristu a kumtunda anawataya pamene madzi anali m'khosi. Zinandiwawa, ndipo sindinathe kukhala chete.

"Bwana," ndinatero, "munandiphunzitsa ndinu kuti munthu wotere amayamba wachenjezedwa. Ndani wapita kukamuchenjeza?"

A Jailosi anati palibe wamisala angawoloke madzi amenewo. Ndinati wamisalayo alipo, ndi ine. Bwana anati ali ndi masukulu a kumunsi oti akayendere ndipo adzadutsanso pobwerera. Ndipite, ndikakhale nawo Lamulungu, ndikawachenjeze, ndipo Lamulungu linalo nkhaniyi idzathe.

Amayi anu atamva sanalire, anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Pitani, bambo," anatero, "koma mudziwe kuti ng'ona sizinaphunzire Chigiriki."

Kutsidya kwa dambo

Ndinapeza nkhalamba ina yosaka mvuu imene inavomera kundiwolotsa. Mantha ndinali nawo. Bwato linali laling'ono, madzi ankafika m'milomo mwake, ndipo nkhalambayo inandilamula kuti ndikhale pansi ndisatulutse dzanja kunja ngakhale udzudzu utandiluma bwanji. Ulendo umene chilimwe unali waufupi unatitengera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, poti tinkazungulira mabango ndi kukankha udzu woyandama ndi nsungwi yaitali. Panjira tinaona madenga a nyumba akusuzumira m'madzi, ndi nkhuku zitakhala pamwamba pake.

Ndinapeza anthu ataunjikana pa kachitunda kamodzi kopanda mtengo, akudya nyika, timizu ta m'madzi tija timene timafunidwa chakudya chikatha. Atandiona anathamangira m'madzi kudzandinyamula. Bambo Alufandika anandigwira dzanja osalisiya, akungoti takhuta, takhuta, ndiko kuthokoza kwawo. Anaganiza kuti ndabwera kudzawaona pa mavuto awo. Anandifunsa za aliyense wa kumtunda, za odwala, za amene anabereka, ndi ngati madzi sanafike pa tchalitchi. Manyazi anandigwira, chifukwa ine ndinabwera ndi chenjezo m'kamwa. Ndinati mumtima ndilankhula mawa tikatha kupemphera.

M'mawa wa Lamulungu anthu anasamba, anavala zimene zinapulumuka, n'kukhala pansi moyang'ana kumtunda kwathu. Ng'oma yawo inali pomwepo, kachinthu kakang'ono ka chikopa cha ng'anzi. Ndinadikira kuti wina aiimbe, koma palibe anaikhudza. Dzuwa linakwera, ana anayamba kusewera, amayi n'kumawaletsa kuti asasokose. Ndinafunsa bambo Alufandika kuti bwanji osaimba tiyambe. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Nkhabe, aphunzitsi, ayi, ife sitiyamba tokha. Ikalira ya ku tchalitchi ndiye timayankha, kuti abale athu adziwe kuti tamva ndipo tili moyo. Tikatero timayambira limodzi."

Tili chikhalire inamveka, patali, ikubwera pamwamba pa madzi. Nkhope zonse zinawala. Bambo Alufandika anapendeketsa mutu kumvetsera, anaseka, anati lero aimba ndi baba Jailosi, dzanja lawo ndi lolemera. Ndiye anatenga ndodo n'kuyankha. Atatero anayambitsa nyimbo imene ine ndinkayambira nayo masiku onse, anatsata dongosolo lathu lonse osalumpha kanthu, ndipo popemphera anatchula mayina a akulu a mpingo mmodzimmodzi, kuyambira a Jailosi.

Apa m'pamene panali povuta pa ntchito yanga yonse. Ndinatumidwa kudzachenjeza, ndipo kubwerera osachenjeza kunali kusamvera bwana wanga, munthu amene anandiphunzitsa ndi kundikweza. Koma ndinaona kuti ndikangotsegula pakamwa n'kuwauza zimene zikunenedwa kumtunda, mpatuko umene kunalibe ndiuyambitsa ndine. Anthu anjala, ogona pamatope, kuwauza kuti abale amene mumawayankha aja akufuna kukudulani? Ndinameza mawu anga. Ndinalalikira za zina, ndinadya nawo nyika, ndipo pobwerera anandipatsa nsomba zouma zoti ndikagawire akulu a mpingo.

Lamulungu limene ng'oma inachedwa

Nsomba zimenezo zinandibweretsera mlandu. A Jailosi anakana gawo lawo, n'kufalitsa zoti aphunzitsi agulidwa ndi mlamba wouma. Bwana Chisoti atabwerera Loweruka anandifunsa ngati ndachenjeza. Ndinati ayi, ndipo ndinafotokoza zimene ndinaona. Anapsa mtima, ndipo sindiwaimba mlandu. Anali ndi mawu a munthu mmodzi otsutsana ndi makutu a mudzi wonse. Anati mawa ndilengeze, ndikakana alengeza okha, ine n'kuyamba kumanga katundu. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, choti mawa ng'oma yathu ichedwe. Ngati anthu aja ali ndi mpingo wawo aimba yawo pa nthawi yake osatidikira, ndipo pamenepo ndidzalengeza ndekha ndi pakamwa pangapa. A Jailosi anati ndapangana nawo kale nthawi. Ndinati ngati ndi choncho ndodo zoimbira asunge ndi iwo, aimbe pamene afunira eni ake. Bwana anavomera, ndipo ndikuganiza kuti nawonso mumtima sankafuna kudula munthu.

Sindinapangane ndi munthu, ana anga. Maganizo amenewa anandibwerera ndili m'bwato pobwerera, ndipo kutsidya kunalibe amene ankadziwa kanthu. Loweruka lija nditafika kunyumba kuchokera kwa Bwana ndinapeza amayi anu akulongedza miphika m'dengu. Ndinawafunsa ngati sakundikhulupirira. Anati ine amandikhulupirira, koma munthu wanjala atakhala padzuwa sadziwika chimene angachite.

Lamulungu m'mawa anthu anadzaza bwalo la tchalitchi, ngakhale amene sankapemphera, poti nkhani inali itamveka. A Jailosi anakhala pa mpando pafupi ndi ng'oma, ndodo zili pamiyendo. Nthawi yoimbira inakwana, inapita. Kutsidya kunali zii, kupatula nkhwazi ndi achule. Dzuwa la kuno mumalidziwa, la dzinja mvula ikaleka, limene limatulutsa thukuta ngakhale pamthunzi. Ana analira, amayi anafunda nsalu kumutu, Bwana anatulutsa wotchi yawo kangapo kenako anaibweza m'thumba osaitulutsanso. A Jailosi ankangoti dikirani, atopa posachedwa. Ine ndinaima pakhomo la tchalitchi ndikuganiza za anthu aja pa kachitunda kopanda mthunzi. Ndinapemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wanga wonse, loti asatope.

Dzuwa linafika paliwombo, linayamba kupendeka. Anthu amene a Jailosi anawayendera m'makomo anayamba kuyang'ana pansi. Mlongo wawo wa a Jailosi, mayi wosaopa munthu, anaimirira n'kuwauza achimwene ake kuti atiwotcha mokwanira, aimbe. A Jailosi anaimba, monyinyirika poyamba, kenako mwamphamvu ngati akufuna kuing'amba. Atasiya tonse tinatchera khutu kutsidya. Sipanapite nthawi, yankho linabwera pamwamba pa madzi, lofulumira, losokonekera ngati la munthu wosazolowera, koma yankho ndithu. Amayi anaimba nthungululu, ena analira, ndipo ine mphunzitsi wa ulemu wake ndinalumpha ngati mwana wa mbuzi pamaso pa ana asukulu. Sindinakondwepo chotero chibadwire, ndipo amayi anu anandiseka nazo zaka zambiri.

Tinalowa m'tchalitchi. Bwana Chisoti anaimirira n'kunena kuti palibe amene adulidwe, ndipo ana a kwa Nyachikadza adzabatizidwa pamodzi ndi anzawo madzi akaphwa. Anaphunzitsa za mawu aja a Chigiriki mwachidule, osatchula dzina la munthu. Anati chogawa mpingo si ng'oma ziwiri kapena zilankhulo ziwiri, koma munthu woyenda m'makomo mosankha, kulowa umu n'kulumpha umo. Palibe anayang'ana a Jailosi, ndipo kusawayang'anako kunali kowawa kuposa kuwayang'ana. Potuluka Bwana anandinong'oneza kuti amayi anu amasule miphika, ndipo kuti chenjezo loyamba akalipereka okha mawa kwa mwini wake weniweni.

Tisanabalalike n'komwe, anthu amene anali kumunsi anafuula kuti padooko pafika mabwato. Tinatsikira kumeneko tonse. Anali bambo Alufandika ndi amuna anzawo, atanyowa mpaka m'khosi, matupi atachekedwa ndi mabango. M'mabwato munali makasu, mphasa yatsopano, ndi kadengu ka nsomba, mwina zomaliza zimene anali nazo. Bambo Alufandika anatuluka akuthamanga, anandiona, anaima. Anayang'anayang'ana m'gulu mpaka anapeza a Jailosi, n'kuwagwira manja onse awiri.

"Muli moyo, baba," anatero, akupuma wefuwefu. "Tinadikira, tinadikira. Tinati aphunzitsi akadwala amaimba ndi baba Jailosi, tsono ikakhala chete ndiye kuti maliro ali m'nyumba ya mmodzi wa awiriwa. Ng'oma ndinasiyira mkazi wanga, ife tinanyamuka kudzakumba manda. Taimva tili pakati pa dambo, koma tinati tifike ndithu tikaone ndi maso. Nanga chinachitika n'chiyani?"

Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene chilichonse chophimba nkhani, koma a Jailosi anandiletsa ndi dzanja. Misozi inali ikutsikira m'ndevu zawo, osaipukuta.

"Ndodo ndinagwira ndine, mbale wanga," anatero. "Tiyeni kunyumba mukaumitse zovala, mudye. Ndikakuuzani ndekha, ndipo mukamva mundiuze chochita."

Chenjezo la Bwana silinafunikenso, loyamba ngakhale lachiwiri. A Jailosi analowa m'madzi mpaka m'maondo, anatola makasu aja m'bwato, anawasenza paphewa, n'kutsogolera alendo awo kukwera kumudzi, anthu onse akuwapatsa njira.